Khitchini Yakale ya ku Houston ndi Makanda a ku Gulupu

Pulogalamu ya lero ikutengerani ku mzinda wa Houston, m'chigawo cha Texas ku America, kukaona nyumba ina ya pa yunivesite imene kale munkaphikidwa chakudya cha ophunzira, koma lero mumapangidwa makina. Ulendowu ukathera ku Blantyre, ndipo chifukwa chake chimveka posachedwa.

Yunivesite ya Rice inatsegula zitseko zake m'chaka cha 1912. Ophunzira a kumeneko amakhala m'magulu a nyumba zogona otchedwa makoleji, ndipo kwa zaka zambiri chakudya chawo chinkaphikidwa malo amodzi, m'nyumba yotchedwa Hicks Kitchen, kenako n'kumatengedwa kupita ku makolejiwo. Pambuyo pake yunivesiteyi inamanga makhitchini atsopano pafupi ndi kumene ophunzira amadyera. Apa khitchini yaikulu ija inatha ntchito. Inali nyumba wamba, yosakopa maso, yoti mlendo akanaidutsa osaicheukira n'komwe. Nyumba zoterezi pa mayunivesite ambiri zimasanduka mosungira mipando yothyoka ndi mafayilo akale, kudikira tsiku limene ndalama zoigwetsera zidzapezeke.

Nthawi yomweyo sukulu ya uinjiniya ya pa Rice inali ndi vuto lakelake. Wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amayenera kupanga chinthu chooneka ndi maso, chogwira ntchito, asanalandire digiri. Koma dipatimenti iliyonse inali ndi kangodya kake. Ophunzira za makina anali kwawo, a zamagetsi kwawo, a zipangizo zachipatala kwawonso. Chonsecho chipangizo chenicheni sichisankha dipatimenti. Makina othandiza munthu kupuma amafuna wodziwa mapapo, wodziwa pampu, wodziwa mawaya, ndiponso wodziwa kuwerengera mtengo wake. Mkulu wa sukuluyo panthawiyo, a Sallie Keller-McNulty, ankafuna malo amodzi oti onsewa azikumanamo. Maso anagwera pa khitchini ija.

Ndalama zambiri zinachokera kwa a Kenneth Oshman ndi akazi awo a Barbara, amene anapereka madola 2.4 miliyoni. A Oshman anaphunzira pa Rice pomwepo, ndipo mu 1969 iwo ndi anzawo atatu a pa sukuluyi anayambitsa kampani ya ROLM, imene inadzatchuka ndi makina olumikizira matelefoni a m'maofesi. Anali munthu wodziwa bwino zimene anthu anayi angachite akakhala pa tebulo limodzi. Nyumbayo itakonzedwanso inatsegulidwa mu 2009 ndi dzina lakuti Oshman Engineering Design Kitchen, ndipo anthu a kumeneko amangoti OEDK. Amene anapatsidwa udindo woiyendetsa anali a Maria Oden, mphunzitsi wa uinjiniya wa zipangizo zachipatala.

Kukula kwake poyamba kunali pafupifupi masikweya mita 1,100. Kunena kwina, mabwalo awiri a ntchemberembaye ndi kachigawo kena pamwamba. Si nyumba yaikulu ayi.

Tsono chimene chinachitika mkatimo n'chimene tiyenera kuchimvetsa bwino, chifukwa anthu ambiri akamva zokonzanso nyumba amaganiza za penti, matailosi ndi mipando yowala. Apa nkhani inali ya kayalidwe ka malo. Pakati pa nyumbayo anasiyapo chipinda chachikulu chopanda makoma ochidula, n'kuyalamo matebulo ogwirirapo ntchito. Gulu lililonse la ophunzira limene lili ndi ntchito ya nthawi yaitali limapatsidwa tebulo lake. Madzulo safunika kulongedza. Mawaya, mabotolo, zidutswa za matabwa ndi chipangizo chimene chakanika kugwira ntchito lero zimagona pomwepo mpaka mawa. Izi zikumveka zazing'ono, koma ndiye mtima wa nyumba yonseyo. Wophunzira wa zamagetsi akamadutsa amaona pampu ya anzake ikutentha kwambiri, n'kuima, n'kufunsa kuti aimangirira bwanji. Mphunzitsi amene wabwerera gulu lina amaponya diso pa tebulo loyandikana n'kuona cholakwika chimene eni ake akhala akuchisaka kwa sabata yathunthu. M'kalasi wamba, mmene aliyense amatuluka belu likalira n'kusiya desiki ili mbee, zoterezi sizingachitike.

M'mbali mwa chipinda chachikulucho muli zipinda zina za ntchito zapadera. Muli mosulira ndi kudulira zitsulo, mopalira matabwa, molumikizira zamagetsi, labu ya zinthu zamadzimadzi, ndi zipinda zochitiramo misonkhano. Muli makina osindikiza zinthu a 3D, amene amaumba kachipangizo ka pulasitiki kuchokera pa chithunzi cha pa kompyuta, komanso makina odula ndi kuwala kwa laser. Kugawa malo motere kuli ndi chifukwa. Sowo ikamalira anthu sangamvane, ndipo fumbi la matabwa likalowa m'zipangizo zamagetsi limaziwononga. Choncho ntchito zaphokoso ndi zafumbi zimatsekeredwa kwazokha, pamene ntchito zokambirana zimasiyidwa poyera. Nyumba yogwiriramo ntchito pamodzi imene sinaganizire zimenezi imasanduka msika, ndipo anthu amathawira kuzipinda zawo.

N'chifukwa chiyani sanangogwetsa n'kumanga yatsopano? Choyamba ndi ndalama ndi nthawi. Maziko, makoma ndi denga zinalipo kale, ndipo zimenezi ndizo zimadya gawo lalikulu la ndalama zomangira. Khitchini yophikira anthu ambiri imamangidwa kuti ipirire katundu wolemera, madzi, kutentha ndi kupondedwa tsiku lonse, zomwenso nyumba ya mainjiniya imafuna. Palinso nkhani ya chilengedwe. Kupanga simenti kokha kumatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amautulutsa padziko lonse, ndiye khoma lililonse limene lapulumuka ndi simenti imene sinawotchedwe kachiwiri. OEDK inalandira chiphaso cha LEED cha mulingo wa Gold, chimene ku America chimaperekedwa kwa nyumba zosamala magetsi, madzi ndi zipangizo.

Koma pali phindu lina limene silioneka pa pepala la akawerengera. Nyumba yakale anthu saiopa. Chitsanzo chotchuka ndi Building 20 ya pa yunivesite ya MIT, imene inamangidwa mothamanga ndi matabwa mu 1943 kuti asayansi azifufuziramo za radar pa nthawi ya nkhondo. Ankati nkhondo ikangotha aigwetsa, koma inakhala mpaka 1998. Popeza palibe ankaiwerengera, wofufuza akafuna kudutsitsa waya ankangoboola khoma osapempha chilolezo kwa munthu, ndipo anthu a maphunziro osiyanasiyana, kuyambira a sayansi ya zilankhulo monga a Noam Chomsky mpaka a zamagetsi, ankakumana m'makonde mwake. Nyumba yonyezimira, imene mlonda amakudzudzula ukakanda tebulo, siphunzitsa munthu kuyesa zinthu.

Tisanamizane kuti kukonzanso nyumba yakale n'kophweka. Amisiri akayamba kuphwasula amakumana ndi zimene mapulani akale sananene. Mawaya amakhala okalamba, osatha kunyamula makina amakono. Nyumba zambiri zakale zili ndi asibesito, amene fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo, ndipo kumuchotsa kumafuna anthu ophunzitsidwa ndi zovala zodzitetezera. Khoma silingangogwetsedwa chifukwa choti likutchinga. Injiniya ayenera kuona kaye ngati silikusenza denga. Pamafunika njira zotulukira moto ukabuka, njira za anthu oyenda pa njinga za olumala, ndi potulutsira utsi wa mowotcherera zitsulo. Ndiye pali chinthu chimene opereka ndalama amachiiwala kawirikawiri: malipiro a amisiri okhala m'nyumbamo tsiku ndi tsiku, ophunzitsa wophunzira kugwira makina osadula chala, okonza makinawo akafa. Popanda anthu amenewa nyumbayo imakhala yongoonetsa alendo.

Tsopano tiyeni ku Blantyre.

Tsidya la msewu kuchokera pa Rice kuli Texas Medical Center, gulu la zipatala lalikulu kwambiri padziko lonse, choncho ophunzira a pa OEDK sasowa madokotala owabweretsera mavuto enieni. Koma a Oden ndi mnzawo, Pulofesa Rebecca Richards-Kortum, anali atapita kutali kuposa tsidya la msewu. Anafika ku Malawi n'kukaona chipinda cha makanda pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu a mu Blantyre amachitchula kuti Gulupu. Kumeneko anaona zimene anamwino athu amazidziwa kalekale: makina odula ochokera kunja, operekedwa ndi mtima wabwino, atangounjikidwa chifukwa kachipangizo kamodzi kanafa ndipo kolowa m'malo mwake sikapezeka, kapena chifukwa sanapangidwe kuti apirire fumbi, kutentha ndi kuzimazima kwa magetsi. Awiriwa ndiwo anayambitsa bungwe la Rice 360, limene ntchito yake ndi kupanga zipangizo zachipatala zoyenera malo otere, ndipo anagwirizana ndi madokotala a ana a pa Gulupu, kuphatikizapo Pulofesa Elizabeth Molyneux.

Vuto limene anatengera ku matebulo a OEDK linali la makanda obadwa masiku asanakwane. Lipoti la padziko lonse lotchedwa Born Too Soon, limene linatuluka mu 2012, linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse: pafupifupi ana 18 pa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane. Mwana wotere mapapo ake amakhala asanakhwime. Mumasowa timadzi tina toterera timene timathandiza kuti timatumba ta mpweya tisamatirire. Taganizani jumbo yonyowa mkati, mmene mbali zake zimagwiranirana moti kuitsegula kumafuna khama. Mwanayo akatulutsa mpweya timatumba timafwafwanyika chomwecho, ndipo kuti apumenso amalimbana ndi mphamvu zake zonse. Pachifuwa pamalowa mkati, mphuno zimatukumuka, amabuula pang'onopang'ono, mpaka amatopa.

Mankhwala ake amadziwika. Ndi makina otchedwa bubble CPAP, amene amakankha mpweya mosalekeza, mofatsa, kudzera m'timachubu tiwiri tolowa m'mphuno, kuti timatumba tija tikhale totseguka. Chubu china cha makinawo chimamizidwa m'botolo la madzi, ndipo kuzama kwa madziwo n'kumene kumalamula mphamvu ya mpweya. Madzi akamabwata thovu, namwino amadziwa kuti makina akugwira. Vuto linali mtengo. Makina otere m'zipatala za ku America ankagulidwa pafupifupi madola 6,000, ndipo ambiri amadalira mpweya wa m'mapaipi a m'khoma umene zipatala zathu zambiri zilibe.

Mu 2010 gulu la ophunzira a chaka chomaliza linakhala pa tebulo lake mu khitchini yakale ija n'kuyamba kuyesa. Pofuna chokankhira mpweya chotsika mtengo, chosafa msanga, anapeza timapampu ta m'magalasi oweteramo nsomba zokongoletsera m'nyumba, timene timapangidwa kuti tizigwira ntchito usana ndi usiku osapuma. Anatiika m'kabokosi ka pulasitiki kosungiramo nsapato, n'kulumikiza machubu ndi botolo la madzi akumwa. Aliyense woona akanaseka. Koma atayeza, mpweya umene kabokosiko kankatulutsa unkafanana ndi wa makina a m'chipatala cha ana cha ku Houston. Apa m'pamene phindu la nyumbayo likuonekera. Maganizo oti pampu ya nsomba ingathandize khanda kupuma sangapite patali ngati palibe malo oigulira lero, kuiphwasula mawa, kuiyeza mkuja, n'kuyambiranso ikakanika.

Mmodzi mwa ophunzirawo, a Jocelyn Brown, atamaliza maphunziro anabwera kudzakhala ku Malawi kuti makinawo ayesedwe. Anamwino ndi madokotala a pa Gulupu sanangolandira. Ananena zimene zinkawavuta, ndipo makinawo anasinthidwa kangapo potsatira mawu awo mpaka anakhala chimene lero chimatchedwa Pumani. Kafukufuku anachitika mu 2012 m'chipinda cha makanda cha Chatinkha, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE, dzina loyamba pa olembawo lili la Dokotala Kondwani Kawaza. Mwa makanda ovutika kwambiri kupuma amene anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 alionse anapulumuka. Mwa amene analandira okosijeni yekha, monga zinkachitikira kale, anapulumuka 44 pa 100 alionse. Timve bwino manambalawo: 71 poyerekeza ndi 44. Kampani ya 3rd Stone Design ya ku California inatenga ntchito yopanga makinawa ambirimbiri pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi akale aja, ndipo Unduna wa Zaumoyo unawafikitsa m'zipatala zazikulu ndi za m'maboma.

Mu 2013 a Oden ndi a Richards-Kortum analandira mphotho ya Lemelson-MIT ya madola 100,000. Ndalama zonsezo anazipereka kuti zithandize kukulitsa chipinda cha makanda pa Gulupu.

Pano pafunika chilungamo, kuti wina asachoke pa wailesi akuganiza kuti nyumba ya ku Houston ndiyo inapulumutsa ana a ku Malawi. Amene amakhala maso usiku kuyang'ana ngati timachubu sitinachoke m'mphuno ndi namwino, ndipo kawirikawiri amakhala mmodzi pa makanda ambirimbiri. Makinawa atafika m'zipatala za m'maboma, kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti phindu linalipo koma linali locheperapo kusiyana ndi la pa Gulupu, ndipo makanda amene ankafika thupi litazizira sankathandizika mokwanira ngakhale ataikidwa pa makina. Mwana wobadwa masiku asanakwane amafuna kufunda, kuyamwa, kutetezedwa ku matenda, kuyezedwa shuga ndi kuthandizidwa chikasu, zonse nthawi imodzi. Phunziro limeneli ndilo linabala mgwirizano wa NEST360, umene umapereka zipangizo zonsezi pamodzi ndi maphunziro a anamwino ndi amisiri okonza makina, ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Mu 2017 bungwe la MacArthur Foundation linapereka madola 15 miliyoni ku ntchitoyi.

Panatsala funso limene Mmalawi aliyense woganiza bwino akanafunsa. Ngati vuto lili ku Blantyre, odwala ali ku Blantyre, anamwino odziwa vutolo ali ku Blantyre, n'chifukwa chiyani tebulo loyeserapo likhale ku Texas? Chipangizo chikafuna kusinthidwa pang'ono, chizikwera ndege? Ndipo sukulu ya Polytechnic, imene imaphunzitsa mainjiniya, ili pa Ginnery Corner pomwepo, mtunda woyenda wapansi kuchokera pa Gulupu. Kuyandikana kumene Rice ili nako ndi zipatala za ku Houston, Poly inali nako kalekale. Chimene chinkasowa ndi chipinda.

Mu 2016, mothandizidwa ndi Lemelson Foundation komanso Rice 360, pa Poly panatsegulidwa situdiyo yopangiramo zipangizo, potengera chitsanzo cha OEDK. A Theresa Mkandawire, amene ankatsogolera maphunziro a uinjiniya pa sukuluyo, anali m'gulu la amene anaikapo mtima. Munaikidwa makina osindikiza a 3D, makina odula ndi laser, zida zamanja ndi zolumikizira zamagetsi. Kwa wophunzira amene wakhala zaka akujambula mawaya pa bolodi ndi m'kope, kugwira chowotcherera n'kuona nyale yake ikuyaka ndi chinthu chachikulu. Ophunzira anayamba kupita m'mawodi kukafunsa anamwino zimene zikuwasowetsa mtendere, n'kubwerera kudzayesa njira zothetsera. Anayambanso kusinthana: Amalawi ena amapita ku Houston kukagwira ntchito pa matebulo a OEDK, ndipo a ku Rice amabwera kuno. Situdiyo ina yotere inatsegulidwa pa yunivesite ya MUST ku Thyolo. Poly nayo inasintha dzina mu 2021, pano ndi MUBAS.

Amene akuyendetsa masukulu athu aukachenjede angachite bwino kuyendera nyumba zawo ndi diso limeneli asanalembe kalata yopempha mabiliyoni a nyumba yosanja. Holo yodyera imene ophunzira anasiya kudyeramo, sitolo yodzaza mipando yothyoka, galaja ya magalimoto amene anagulitsidwa kale, zonsezi ndi makoma ndi denga zolipiridwa kale. Kwathu kuno mndandanda wa zofunika ungasiyaneko pang'ono ndi wa ku Texas. Magetsi a dzuwa ndi mabatire ayenera kubwera patsogolo, chifukwa makina a 3D akazimitsidwa pakati pa ntchito, chimene amaumba chija chimatayidwa. Mazenera akuluakulu olowetsa kuwala ndi mphepo angachite ntchito imene kwina amaisiyira makina oziziritsa. Zipangizo zosankhidwa zikhale zoti pulasitiki wake ndi zosinthira zake zingapezeke osadikira miyezi. Ndipo chitseko chikhale chotseguka kwa wophunzira wa dipatimenti iliyonse, ngakhale madzulo, osati kiyi kukhala m'thumba la munthu mmodzi amene wapita ku msonkhano ku Lilongwe.

Ku Houston, khitchini ija inadzaza msanga kuposa mmene eni ake ankaganizira. Maphunziro opanga zinthu, amene poyamba anali a chaka chomaliza, anatsitsidwa mpaka kwa ophunzira a chaka choyamba, amene amapatsidwa mavuto ochokera ku zipatala, ku mabungwe a mumzindamo, ngakhale kumalo osungirako nyama a Houston Zoo. Matebulo atachepa, yunivesite sinasake malo ena. Inatsikira m'chipinda chapansi pa nyumba yomweyo, n'kuchikonzanso, n'kuyalamo matebulo ena. Chaka chilichonse m'mwezi wa Epulo magulu a ophunzira amatulutsa zimene apanga kukazionetsa kwa anthu ndi kwa oweruza ochokera m'makampani ndi m'zipatala, ndipo pakati pa maloboti ndi zipangizo za mafakitale pamapezekabe zipangizo zopangidwira zipinda za makanda za mu Africa.